Mwala wa Nangozo ndi Mankhwala a Uvuni

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ine sindine wolankhulalankhula, mumandidziwa. Mundipirire.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Loweruka, mwezi wa Disembala. Kunatentha. Kutentha kwa Durban kuja, kumene malaya amakumata pamsana usanagwire ntchito iliyonse. Mvula inali itagwa m'mawa n'kukata, msewu ukufuka nthunzi. Mbalame zaphokoso zija, zimene anzathu kuno amati mankankane, zinkalira padenga. Ku mzikiti wa pafupi ndi kwathu ku Overport ankaitanira mapemphero a masana. Matakisi ankaliza mahutala kumsewu waukulu. Pakati pa phokoso lonselo ndinamva nyimbo ya kwathu ikulowa pageti, chapansipansi. Anali amayi a mpingo uno, atanyamula zidebe ndi matsache.

Kwa inu amene mwabwera chaposachedwa, ine ndine Mbewe, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndili ndi kapikapu kakale. Ndimanyamulira katundu amayi a geni, kuchoka m'mashopu kupita kumene mabasi a kumudzi amapakira. Ndiyo ntchito yanga.

Mkazi wanga Nangozo anali atatisiya chaka cham'mbuyo mwake. Ambiri a inu munali nane. Munagona pasiwa, munaimba, munathandiza mpaka bokosi linanyamuka ulendo wa kumudzi. Koma ine sindinanyamuke nalo. Mapepala anga anali asanatuluke, ndipo ndikanawoloka malire sindikanabwereranso. Amene anaperekeza bokosi m'malo mwanga ndi Mayi Esinati, mnzake wapamtima wa Nangozo, amene ankamusambitsa m'chipatala. Ine ndinatsala. Manda a mkazi wanga sindinawaone.

Abale, chimenecho chinandipweteka, komanso chinapweteka akuchikazi. Mlamu wanga a Lufeyo, mchimwene wake wa Nangozo, mwini mbumba, ndinawafotokozera pafoni. Anangoti, "Tamva." Basi. Mawu amodzi.

Ndiye ndinalonjeza mumtima kuti chiliza cha Nangozo ndidzachiimika ndi manja anga. Mapepala atatuluka ndinasemetsa mwala wakuda wosalala konkuno, dzina lake analilemba bwinobwino. Kumudzi mwana wathu Tiyamike ndi amalume ake anamanga maziko a simenti. Anatchula tsiku lovundukula chiliza, Loweruka loyandikira Khirisimasi, ndipo tsiku lomwelo akuchikazi anayenera kundisudzula monga mwa mwambo. Achibale anaitanidwa. Chimene chinatsala ndi mwala ndi mwini wake. Mwalawo unali utagona kumbuyo kwa pikapu yanga, pamatayala akale, nditaukulunga m'mabulangete.

Ndiye amayi aja analowa. Patsogolo panali Mayi Phiri, mtsogoleri wawo. Ali apo, musaweramitse mutu amayi.

Anati, "A Mbewe, tulukani. Nyumba ya mwamuna wokhala yekha timaidziwa. Simungapite kumudzi n'kusiya mphemvu zikuchita msonkhano."

Ndinati, "Amayi, ndasesa kale."

"Mwasesa pakati. Nanga m'makona mwasiyira ndani?"

Ndinatuluka. Ndani angalimbane ndi Mayi Phiri?

Inu mukudziwa, amayi athuwa ambiri amagwira ntchito m'nyumba za anthu. Sabata yonse amakwecha za eni ake. Loweruka masana, nthawi yawo yokhayo yopuma, anabwera kudzakwecha za ine. Chinali chikondi chimenecho. Ndikufuna muyambe mwamva zimenezo. Chinali chikondi.

Ine tsikulo ndinkakonzekera ulendo. Ndinali nditatsegula boneti, nditamasula kabokosi kakuda kamene mumakhala fyuluta ya mpweya, n'kuchotsa fyuluta yakale. Paipi yake inali yasaa, kukamwa kuli poyera. Mayi Esinati anayandikira pikapu. Anagwira bulangete limene linakuta mwala, kenako anasuzumira mu injini.

Anati, "Bambo a Tiya, mwala wa mnzanga ukwere galimoto yakuda chonchi? Akatiseka kumudzi. Akati amayi a ku Durban ndi aulesi."

Ndinaseka. Ndinati, "Tsukani, amayi." Ine ndimati thupi la galimoto. Ndinanyamuka wapansi kukagula fyuluta yatsopano shopu isanatseke.

Pobwera, eish! Nyumba inkanunkhira sopo ndi mandimu. Makatani ali pachingwe. Pikapu ikuwala ngati yaukwati. Nditasuzumira m'boneti, injini inkanyezimira ngati mapoto a adona. Mayi Esinati anaima pambali, manja m'chiuno, thukuta lili kamukamu, chimwemwe chokhachokha pankhope.

Anati, "Mafuta a galimoto ndi mafuta a nkhuku n'chimodzimodzi. Ndathira mankhwala otsukira uvuni, onse asungunuka. Ngakhale m'paipi umo ndapoperamo, ndalowetsamo mswachi. Munali kanthu kena kali ndi tiwaya ngati tsitsi, kakuda bii. Taonani pano."

Ndinaona. Kanali koyera ndithu. Ndinathokoza ndi manja awiri. Ine ndine dalaivala, abale, sindine makaniko. Ndinaika fyuluta, ndinatseka kabokosi. Amayi anazungulira galimoto, anasanjika manja paboneti, anapempherera ulendo. Mayi Esinati anandipatsa mpunga ndi nkhuku m'kontena kuti ndidye panjira.

Lolemba m'mawa ndinanyamuka. Nditailiza, injini inanjenjemera pang'ono. Ndinati ndi kulemera kwa mwala. Ndinatuluka m'tauni bwinobwino. Koma nditadutsa Pinetown, msewu utayamba kukwera, galimoto inayamba kutsokomola. Ndikaponda mafuta, iyo ikubwerera m'mbuyo. Kagetsi kachikasu kanayaka kutsogoloku. Pagalasi ndinaona utsi wakuda. Inadumpha, inadumphanso, kenako zii.

Ndinaima m'mbali mwa msewu, mathiraki akudutsa, mphepo yawo ikugwedeza galimoto. Ndinapemphera m'Chichewa, koma chamumtima. Wokoka magalimoto atabwera ndinamuyankha m'Chizulu, monga timachitira kuno kuti tisadziwike kuti ndife obwera. Ndinamupempha andikokere ku Mobeni, kwa a Tembo, makaniko wa ku Chipata amene amandikonzera nthawi zonse.

A Tembo anatsegula boneti n'kuimba likhweru. Anati, "Mudala, injini iyi mufuna kudyerapo?" Anamasula kanthu kaja m'paipi, anakanunkhiza, anandiyang'ana.

"Nindani anagwira apa?"

Ndinati, "Bwanji kodi?"

"Iyi ni eyafulo. Sensa ya mpweya. Ndiye imauza injini kuti mpweya walowa wochuluka bwanji, kuti ithire mafuta oyenera. Manje tiwaya utu situfuna kugwidwa, ngakhale na chala. Tuli na mankhwala ake-ake, umangopopera chapatali n'kusiya tiume. Apa wina anathira vinthu voocha, n'kukwechanso. Onani, kamodzi kaduka, tina twadyeka. Yafa iyi, mudala. Inunkha mandimu."

Sindinatchule dzina. Ndinangoti, "Tipeze ina."

Abale, munthu uja anayesetsa, Mulungu amudalitse. Koma pikapu yanga ndi yakale, ya mtundu wosowa kuno. Inalinso nthawi ija mafakitale ndi mashopu ambiri a zitsulo amatseka kupita kutchuthi. Tinayenda m'masikirapu, kumene amaphwasula magalimoto akufa, dzuwa likutiwotcha. Tinapeza imodzi, koma sinagwirizane ndi injini. Anatiuza kuti yatsopano iyenera kuitanitsidwa, ndipo ifika chaka chikatembenuka. Ndinafunsa a Tembo ngati ndingayende popanda sensayo. Anati, "M'tauni mungakwawe. Koma mapiri aja, na mwala kumbuyo, mpaka ku Malawi? Mukagona m'thengo."

Ndinathamangira kumabasi. Ine amene ndimapakiza anthu katundu tsiku ndi tsiku, ndinapempha ngati mlendo. Disembala mukumudziwa. Mabasi anali odzaza, ngolo zake zodzaza. Makondakitala ankangoyang'ana kukula kwa mwala pafoni n'kupukusa mutu. Amathiraki odziwana nawo anali atanyamuka kale. Tinakwawitsa pikapu kubwerera nayo ku Overport, mwala uli pomwepo.

Ndinaimbira a Lufeyo. Ndinawatumizira chithunzi cha mwala. Anati, "Chithunzi munthu angajambule kwa osema miyala kulikonse." Ndinati ndiyese kubwera ndekha, mwala udzatsatira. Anati, "Kudzatani chimanjamanja?"

Loweruka lija linafika. Tiyamike anandiimbira foni. Anati, "Ababa, anthu abwera. Azakhali a ku Balaka abwera. Zakudya zaphikidwa. Abusa afika. Pamanda pali simenti yokhayokha. Ndiwauze chiyani?"

Ndisanayankhe, amalume ake analanda foni.

"Alamu, maliro simunabwere, munati mapepala. Lero mwati galimoto. Chaka chamawa mudzati chiyani? Ngati mwapeza wina kumeneko, nenani. Mlongo wathu timulira tokha."

Anadula.

Abale ndi alongo, ndikanati chiyani? Ndikanati amayi a mpingo andiwonongera galimoto? Ndikanapereka dzina la Mayi Esinati, munthu amene anasambitsa mlongo wawo, kuti alitukwane pamanda? Ndinakhala pansi pakhonde, ndinayang'ana mabulangete aja kumbuyo kwa pikapu. Ndinati, Nangozo, ndakulephera kachiwiri.

Masiku amene anatsatira anali amdima. Inu nonse munkaganiza kuti a Mbewe ali kumudzi. Ine ndinali m'nyumba, makatani otseka, makatani omwe aja amayi anachapa. Khirisimasi inandipeza momwemo. Pikapu ndinaikankhira kuseri, ndinaifunditsa lona. Foni ikalira sindinkayankha. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu sankabwera. Ndikatsegula kabati n'kumva fungo la mandimu, mtima unkawawa. Sindinatukwane munthu. Koma ndinkafunsa Mulungu kuti, Ambuye, adani akanandichita izi ndikanamvetsa. Nanga bwanji mwalola kuti chikondi chindigwetse?

Sanandiyankhe msanga. Koma sanandisiye. Aleluya!

Chaka chitatembenuka, Mayi Phiri anakumana ndi akazi a Tembo m'takisi. Akazi a Tembowo, osadziwa kanthu, anati, "Koma a Mbewe zinawavuta. Wina anawathirira mankhwala a uvuni mu injini, ulendo wonse unafera ku Pinetown." Ndikumva kuti Mayi Phiri anatsika takisi pamalo pamene sipanali pawo.

Lamulungu masana ndinamva geti likulira. Ulendo uno kunalibe nyimbo. Ndinasuzumira. Amayi aja anali ataima pabwalo ndi mayunifolomu awo, chete. Ndinatsegula chitseko chifukwa panalibenso kothawira.

Mayi Esinati anapita molunjika kuseri, anavundukula lona, anaona mabulangete. Anagwada m'matope pafupi ndi tayala. Anakweza dzanja lamanja.

"Bambo a Tiya, ndine. Dzanja lake ndi ili. Ndamuchititsa manyazi mnzanga."

Ndinati, "Dzukani amayi, pansi pali matope."

"Sindidzuka."

"Yunifolomu ida."

"Ide."

Analira, abale. Kulira kuja analira tsiku la maliro. Ndinayang'ana dzanja limene anakwezalo. Linali losweka ndi sopo wa m'nyumba za anthu. Ndi dzanja lomwelo limene linkatembenuza mkazi wanga pabedi ine ndili kumsewu. Kuwawa kumene ndinali nako mumtima masiku onse aja kunayamba kusungunuka.

Koma Mayi Phiri analibe nthawi ya misozi. Ananditembenukira.

"Inunso a Mbewe! Munthu wamkulu, kubisala m'nyumba ngati mwaba nkhuku! Mpingo uli pompano, inu mukudya Khirisimasi ndi makoma? Kufatsa kwanuko kudzakuphani. Bweretsani foni."

Ndinati, "Amayi, zisiyeni, zinatha."

"Zinatha kwa ndani? Bweretsani."

Anaimbira a Lufeyo, foni ya vidiyo ija. Atayankha, Mayi Phiri anadzitchula dzina, anapereka moni mwaulemu wonse, kenako anati, "Bambo, tili ndi mlandu, ndipo mlanduwo ndi wathu, si wa alamu anu." Amayi ena anamasula zingwe, anachotsa mabulangete. Mwala unaonekera, dzina la Nangozo likuwala padzuwa. Mayi Phiri analoza foni pamwalapo, kenako anaitsitsa kwa Mayi Esinati, amene anali chigwadire.

A Lufeyo anawazindikira pomwepo. Munthu amene wabweretsa mtembo wa mlongo wako sumuiwala.

Anati, "Mayi Esinati? Mukutani m'matope?"

Mayi Esinati anafotokoza zonse, osabisa kanthu, akusisima.

A Lufeyo anati, "Pepani, mwati munathira chiyani?"

"Mankhwala otsukira uvuni, achimwene."

"Mu injini?"

"Munali mwakuda, achimwene."

Kunali zii. Ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako tinamva phokoso lachilendo. A Lufeyo ankaseka! Anaseka mpaka foni inagwedezeka, tikungoona denga la nyumba yawo. Ndipo kusekako kunasanduka kulira. Atapukuta m'maso anati, "Mlongo wanga akanachita chimodzimodzi. Tili achinyamata anakwecha njinga yanga ndi mchenga mpaka penti yonse inatha. Anati inali yauve."

Amayi onse anaseka ndi misozi. Ngakhale Mayi Esinati, ali m'matope momwemo.

Kenako a Lufeyo anati, "Alamu alipo?"

Ndinayandikira. Ndinati, "Ndilipo, alamu."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinalibe mawu."

Anati, "Ine ndinali nawo ochuluka, ndipo ndinalankhula oipa. Bwerani mvula ikatha. Simenti sithawa."

Abale, nenani Amen!

Sensa inafika. A Tembo anabwera kudzaimanga pakhomo, ndipo Mayi Phiri anaitana gulu lonse kuti lidzaonerere. A Tembo ananyamula kachitini ka mankhwala ake enieni m'mwamba ngati mlaliki. Anati, "Amayi, ichi ndiye chake. Osati cha uvuni, osati cha mawindo, osati sopo. Ndipo mswachi ni wa mano." Mayi Esinati anati, "Ine ngakhale mundipatse chitinicho, boneti sindidzaigwiranso mpaka Yesu adzabwere." Injini italira bwino, amayi analulutira mpaka aneba anasuzumira pampanda. Tsiku limenelo sitinabise chilankhulo chathu.

Tinanyamuka nthawi ya Pasaka. Ndikuti tinanyamuka chifukwa sindinapite ndekha. Mayi Phiri ndi Mayi Esinati anapempha tchuthi kwa mabwana awo, anakhala nane kutsogolo. Titafika pokwera paja pa Pinetown, onse awiri anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Pikapu inakwera osatsokomola. Mayi Phiri anatsegula diso limodzi n'kufunsa, "Tadutsa?"

Tinafika ku Ntcheu. A Lufeyo anatichingamira kumsewu, anandigwira dzanja osalisiya. Amuna a m'mudzi anatsitsa mwala, tinauimika pamaziko aja. Loweruka achibale anabweranso, ngakhale azakhali a ku Balaka. Ine ndi Tiyamike tinagwira nsalu yoyera, uyu mbali iyi, ine mbali iyo, tinavundukula. Ndinagwada pamanda a mkazi wanga koyamba. Ndinamuuza kuti ndafika. Ndinachedwa, koma ndafika. Madzulo ake akuchikazi anandikhazika pamphasa, ndipo a Lufeyo anati, "Munatisungira mlongo wathu bwino. Takumasulani, koma pakhomo pano ndi panu."

Lero ndili pano. Pikapu ikuyenda, amayi a geni ndikuwanyamulira katundu monga kale. A Lufeyo amandiimbira okha kundifunsa za mvula ya kuno. Ndimakhalabe ndekha, ndipo masiku ena nyumba imakula. Koma zikandivuta sinditsekanso makatani, ndimabwera kuno. Amayi amabwerabe kudzakwecha mwezi ukatha, ndipo amandinenabe za m'makona.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandifikitsa pamanda paja. Ndikuthokoza a Tembo. Ndikuthokoza mpingo uno.

Chatsala chinthu chimodzi. Mayi Esinati mpaka lero akandiona amayamba ndi pepani. Ndawayankha kangapo patokha, koma sakhulupirira, akuti ndimangofatsa. Ndiye ndati ndinene pano, pamaso pa abusa ndi pa inu nonse, kuti amve ndi mboni. Mayi Esinati, tadzutsani nkhope. Inu, ndi amayi onse amene munagwira chidebe tsiku lija, ndi alamu anga a Lufeyo pa mawu aja, ndilibe nanu kanthu. Ndinakukhululukirani.